Mmene mungasiyanitsire mawu a Chingerezi ooneka ngati ndi ofanana

Anthu ambiri odziwa Chingerezi amapunthwa pamalo amodzi akamalemba kalata ya kuntchito, lipoti kapena mayeso. Ganizo amakhala nalo, mawu a Chingerezi oti alinenere amawadziwa atatu kapena anayi, koma sadziwa kuti loyenera pamalopo ndi liti. Munthu akafuna kulemba kuti wina anakana kusayina chikalata, m'mutu mwake mumabwera *deny*, *refuse*, *reject* ndi *decline*, ndipo poti onsewa anawaphunzira kuti amatanthauza kukana, amangotola lomwe likumveka lolemerera. Mapeto ake amalemba kuti *He denied to sign the document*, chiganizo chomwe ndi cholakwika, pomwe choyenera chinali *He refused to sign the document*.

Vutoli silitha ndi kuloweza mindandanda ya mawu ofanana matanthauzo. Mawu oterewa ali ngati ana a mimba imodzi, ofanana nkhope koma osiyana khalidwe, ndipo khalidwe la liwu limaonekera m'ziganizo: amene akuchita ndi ndani, akuchitira yani, liwulo limatsatana ndi mawu ati, ndiponso limanenedwa pamalo otani. Malangizo ali m'munsiwa akuonetsa mmene mungafufuzire zimenezi panokha, ndipo mawu anayi a kukana aja ndiwo akhale chitsanzo chathu chachikulu.

## Zofunika kukhala nazo

Dikishonale yofotokoza Chingerezi m'Chingerezi, yolembedwera anthu ophunzira chiyankhulochi. Odziwika kwambiri ndi Oxford Advanced Learner's Dictionary, Longman Dictionary of Contemporary English, Cambridge Advanced Learner's Dictionary ndi Collins COBUILD, ndipo onsewa mungawawerenge pa intaneti kwaulere. Madikishonale amenewa amaposa akuluakulu olembedwera eni chiyankhulo pa ntchito yathuyi chifukwa amapereka zitsanzo zambiri komanso amaonetsa kamangidwe ka chiganizo. Ya Longman imafotokoza matanthauzo ndi mawu osavuta pafupifupi 2,000 okha, pomwe ya COBUILD, yomwe inatuluka koyamba mu 1987, imalemba tanthauzo lililonse monga chiganizo chathunthu, kotero kuti mumaoneratu mmene liwulo limakhalira pakati pa anzake.

Dikishonale yachiwiri yamtundu womwewo. Chomwe ina yadumpha, inzake imachitchula.

Buku la mawu apachibale, lotchedwa thesaurus. Ntchito yake ndi kukukumbutsani mawu omwe mwaiwala basi.

Nkhokwe ya ziganizo zenizeni, yomwe akatswiri amaitcha corpus. Yosavuta kuyambira ndi SKELL, yomwe imakuonetsani zitsanzo ndi mawu oyendera limodzi popanda kulembetsa dzina. British National Corpus ili ndi mawu pafupifupi 100 miliyoni a Chingerezi cha ku Britain, pomwe COCA ili ndi mawu oposa biliyoni imodzi a Chingerezi cha ku America. Palinso Google Books Ngram Viewer, yomwe imajambula mizere yoonetsa kuchuluka kwa mawu m'mabuku chaka ndi chaka.

Kope ndi cholembera. Jambulani mizere yotsika, liwu lililonse likhale ndi danga lakelake.

## 1. Lembani kaye zomwe mukufuna kunena

Musathamangire kutsegula dikishonale. Yambani ndi kulemba m'chiyankhulo chomwe mumaganizira chiganizo chathunthu chofotokoza zomwe zinachitika. Kulemba kuti "anakana" basi sikungakuthandizeni. Lembani kuti "anakana kuti sanabe ndalamazo", kapena "anakana kusayina", kapena "komiti inakana pempho lake", kapenanso "atamuitanira kumsonkhano anakana mwaulemu". Mukaziyala motere muona nokha kuti izi ndi zochitika zinayi zosiyana. Poyamba munthu akunena kuti nkhani si yoona, kachiwiri sakufuna kuchita chinthu, kachitatu anthu aunika chinthu n'kuchibweza, ndipo kachinayi munthu sakulandira chomwe wapatsidwa koma akusunga ulemu.

Chenjezo: mukafananitsa mawu opanda chiganizo, yankho lomwe mupeze ndi lakuti onse ndi ofanana pang'ono, ndipo yankho limeneli silikuuzani choti mulembe.

## 2. Sonkhanitsani mawu oti muwayerekeze

Tsopano tsegulani thesaurus, kapena onani bokosi la mawu ofanana lomwe madikishonale a ophunzira amaika pansi pa mawu ena, ndipo musankhe mawu awiri, atatu kapena anayi omwe akuyandikira kwambiri ganizo lanu. Akapitirira anayi mumasokonezeka musanafike pakati. Onetsetsani kuti onse ndi a mtundu umodzi: mneni ayerekezedwe ndi mneni, dzina ndi dzina, mfotokozi ndi mfotokozi. Anthu ambiri amavutika ndi *advice* ndi *advise*, kapena *affect* ndi *effect*, poganiza kuti kusiyana kwake kuli m'tanthauzo, pomwe nkhani yaikulu ndi yakuti *advice* ndi dzina ndipo *advise* ndi mneni, komanso kuti m'zolemba zambiri *affect* amakhala mneni pomwe *effect* limakhala dzina.

## 3. Werengani matanthauzo onse, kenaka mupeze mawu owonjezera

Liwu limodzi la Chingerezi limatha kukhala ndi matanthauzo ambiri, ndipo dikishonale imawapatsa manambala. Werengani onse mpaka pansi, kenaka musankhe lomwe likugwirizana ndi chiganizo chanu. *Decline* amatanthauzanso kuchepa kapena kutsika, monga chiwerengero cha anthu chikamatsika, ndipo *refuse* likakhala dzina, lotchulidwa motsindika phatikizo loyamba, limatanthauza zinyalala. Matanthauzo amenewa alibe mbali pa zomwe tikufufuza, choncho asiyeni.

Koperani tanthauzo loyenera la liwu lililonse m'danga lake m'kope. Apa mudzaona chinthu chomwe chimagwetsa anthu mphwayi: madikishonale amafotokoza liwu lina ndi linzake, kotero kuti m'tanthauzo la *reject* ndi la *decline* mumapezeka *refuse*. Musataye mtima. Khwatchani mawu onse omwe akupezeka m'matanthauzo onse, ndipo mulembe mzere kunsi kwa omwe atsala, chifukwa kusiyana kuli m'mawu otsalawo. Pa *decline* padzatsala mawu onena za ulemu. Pa *reject* padzatsala ganizo la kusavomereza kapena kusalandira chinthu chomwe chaperekedwa kuti chiganiziridwe. Pa *deny* padzatsala zakuti chinthu si choona, ndipo pomwepo mwazindikira kale kuti *deny* ndi wosiyana kwambiri ndi anzake atatuwo.

Chenjezo: ambiri amalekera pano poganiza kuti amaliza. Tanthauzo limakuuzani zomwe liwu limanena, koma silikwanira kukuuzani mmene mungalilembere m'chiganizo.

## 4. Onani zomwe zimabwera pambuyo pa liwulo

Gawo ili ndi lomwe liyenera kukudyerani nthawi yambiri, chifukwa zolakwika zochuluka zimabadwira pano. Bwererani kudikishonale, ndipo nthawi ino musiye tanthauzo, muyang'ane timalemba takuda ndi zizindikiro zomwe zili pafupi ndi zitsanzo. M'madikishonale ambiri chilembo T chimasonyeza mneni woyambukira, wofuna pamtherankhani, pomwe I chimasonyeza mneni wosayambukira. Pa mayina, C ndi dzina lowerengeka ndipo U ndi losawerengeka. Mudzaonanso zidule monga *sb*, kutanthauza munthu, ndi *sth*, kutanthauza chinthu. Lembani m'kope njira zonse zomwe liwulo limamangira chiganizo.

Pa mawu athu anayi mudzapeza izi. *Refuse* amatsatana ndi *to* kenaka mneni, monga *She refused to answer*. Amathanso kutsatana ndi dzina, monga *She refused the offer*, ngakhalenso kuima yekha, monga *He asked her to leave but she refused*. *Decline* amayenda m'njira zomwezo, ndiye chifukwa chake m'manyuzipepala mumawerenga kawirikawiri kuti *The minister declined to comment*. *Reject* amafuna dzina nthawi zonse ndipo salola *to* ndi mneni, kotero kuti *They rejected the proposal* ndi cholondola koma *They rejected to pay* ndi cholakwika. *Deny* nayenso salola *to* ndi mneni. Iye amatsatana ndi dzina, monga *He denied the allegation*, kapena mneni wothera ndi *-ing*, monga *He denied taking the money*, kapena nthambi ya chiganizo yoyamba ndi *that*, monga *He denied that he took the money*.

Chiganizo chomalizachi chiyang'anitsitseni. M'Chichewa timati "anakana kuti sanabe", ndipo mneni wachiwiriyo amakhala wotsutsa. M'Chingerezi kutsutsako kuli kale m'kati mwa *deny*, choncho simuwonjezeranso *not*. Mukalemba kuti *He denied that he did not take the money*, mwatembenuza nkhani yonse, pakuti chiganizocho chikunena kuti munthuyo akutsutsa zoti sanatenge, zomwe zikufanana ndi kuvomera kuti anatenga. M'lipoti la mlandu kapena m'kalata ya chilango kuntchito, kaliwu kamodzi kameneka kangamuike munthu wosalakwa m'mavuto.

Pali malo amodzi pomwe *deny* ndi *refuse* amakumana, ndipo ndi pomwe munthu akumanidwa chinthu. Mungalembe *He was denied entry* kapena *He was refused entry*, ndipo zonse ziwiri ndi zolondola. Malo okumana otere alembeni padera, kuopa kuti angakupangitseni kuganiza kuti mawuwo ndi ofanana paliponse.

Musaiwale aperekezi. Mawu atatu onena za kuimba munthu mlandu ali ndi mperekezi wakewake aliyense: *accuse somebody of*, *charge somebody with* ndi *blame somebody for*. Chimodzimodzinso *say* ndi *tell*: timalemba *She told me* koma *She said to me*, ndipo *She said me* kulibe.

## 5. Funsani kuti wochita ndi ndani, ndipo chochitiridwa ndi chiyani

Werengani zitsanzo zosachepera khumi za liwu lililonse, ndipo pa chilichonse mulembe mwininkhani ndi pamtherankhani. Funsani ngati ndi munthu, chinthu, malo kapena bungwe. Njira imeneyi imamasula msanga mawu omwe ambiri amawasokoneza kwa zaka. *Steal* ndi *rob* onse ndi kuba, koma pamtherankhani wa *steal* ndi chinthu chomwe chatengedwa, pomwe wa *rob* ndi munthu kapena malo omwe aberedwa: *They stole the money* koma *They robbed the bank*. Munthu wolemba kuti *They robbed my phone* wasokoneza ziwirizi, ndipo akanayenera kulemba *They stole my phone* kapena *They robbed me of my phone*.

Pa *borrow* ndi *lend* funso ndi lakuti chinthucho chikulowera kuti. *Borrow* ndi kubwereka, ndipo mwininkhani ndi wolandira, yemwe amabwereka *from* wina. *Lend* ndi kubwereketsa, ndipo mwininkhani ndi wopereka, yemwe amabwereketsa *to* wina. N'chifukwa chake *Borrow me your pen* ndi cholakwika ndipo choyenera ndi *Lend me your pen* kapena *May I borrow your pen?* Pa *injure* ndi *damage* mudzapeza kuti woyambayo amanena za anthu ndi ziwalo za thupi pomwe wachiwiriyo nthawi zambiri amanena za zinthu, ndipo *wound* amakonda kupezeka pomwe pali chida monga mpeni kapena mfuti.

Nthawi zina kusiyana kumakhala mumtima mwa mwininkhani. Kuyembekezera kumagawika patatu m'Chingerezi. *Wait* ndi kukhala mpaka nthawi ikwane, *expect* ndi kukhulupirira kuti chinthu chichitika kaya mukuchifuna kapena ayi, ndipo *hope* ndi kulakalaka kuti chichitike. Dokotala anganene kuti *I expect the pain to get worse*, koma atanena *hope* pamenepo, wodwala angadabwe naye kwambiri.

## 6. Fufuzani mawu oyendera limodzi

Liwu lililonse lili ndi anzake omwe limakonda kukhala nawo, ndipo palibe lamulo la galamala lomwe lingakuuzeni anzakewo. Eni chiyankhulo amati *heavy rain* koma *strong wind*, amati *make a mistake* koma *do homework*, amati *tell the truth* ndi *tell a lie* ngakhale kuti pamenepo sipatchulidwa munthu wouzidwa. Zimenezi zimangofunika kuziona zikugwiritsidwa ntchito, ndipo apa ndi pomwe nkhokwe ya ziganizo imathandiza.

Tsegulani SKELL, lembani liwu loyamba, ndipo musankhe gawo lotchedwa Word sketch. Koperani mayina khumi oyambirira omwe akuonetsedwa monga apamtherankhani a mneniyo. Chitani chimodzimodzi ndi mawu enawo. Ngati mwalembetsa pa COCA, pali gawo lotchedwa Compare lomwe limaika mawu awiri pambali n'kuonetsa anzawo a lililonse. Pa mawu athu mudzaona kuti *deny* amayenda ndi *allegation*, *charge*, *rumour*, *responsibility* ndi *wrongdoing*, zomwe ndi zinthu zonenedwa za munthu. *Reject* amayenda ndi *proposal*, *plan*, *idea*, *appeal* ndi *application*, zomwe ndi zinthu zoperekedwa kuti ena aziweruze. *Decline* amayenda ndi *invitation* komanso *offer*. Liwu la *offer* lidzapezeka pansi pa *refuse*, *reject* ndi *decline* onse atatu, ndipo izi zikukuuzani kuti pa *offer* galamala siingakusankhireni, muyenera kupita ku gawo lotsatira.

Mukakayikira mawu awiri okha, Ngram Viewer ndi yachangu. Lembani *heavy rain,strong rain* m'bokosi lake, mosiyanitsa ndi mpatuliro (,), ndipo mudzaona mzere wina uli pamwamba kwambiri pomwe unzake ukukwawa pansi.

Chenjezo: musadalire kungofufuza pa Google n'kuona kuti chiganizo chanu chapezeka. Pa intaneti pali zolemba za anthu osawerengeka omwe akuphunzira Chingerezi ngati inu, ndipo cholakwika chilichonse chinalembedwapo kale ndi wina. Onani komwe chiganizocho chachokera, ndipo mukhulupirire mabuku ndi manyuzipepala okonzedwa ndi akonzi.

## 7. Yezani ulemu, mphamvu ndi maganizo a liwulo

Mawu awiri akhoza kumanga chiganizo mofanana, n'kuyenda ndi anzawo ofanana, koma n'kumveka mosiyana m'khutu la wowerenga. Apa funsani mafunso atatu.

Loyamba ndi la malo onenera. Madikishonale amaika zizindikiro monga *formal*, *informal*, *slang*, *old-fashioned* ndi *offensive*, ndipo musazidumphe. *Decline* ndi wa m'kalata ndi m'misonkhano, *refuse* ndi wa paliponse, pomwe *turn down* amamveka kwambiri pocheza. Chingerezi chili ndi mawu ambiri apawiripawiri otere chifukwa chinalandira mawu ochuluka a Chifalansa ndi Chilatini, makamaka anthu a ku Normandy atagonjetsa England mu 1066. Nthawi zambiri liwu lalifupi lachikale ndi la tsiku ndi tsiku ndipo lobwerekedwalo ndi la m'zikalata: *buy* ndi *purchase*, *begin* ndi *commence*, *help* ndi *assist*, *need* ndi *require*. Palibe lomwe lili labwino kuposa linzake. Mgwirizano wa malonda ungafune *purchase*, koma uthenga wopita kwa mnzanu wodzaza ndi *commence* ndi *require* umamveka wouma.

Lachiwiri ndi la mphamvu. Sanjani mawuwo pamzere kuyambira lofooka mpaka lamphamvu: *dislike*, *hate*, *loathe*, kapena *ask*, *request*, *demand*. Pa chinthu chomwe mwapatsidwa, *decline* ndi kukana kofewa, *refuse* ndi kukana kolimba, ndipo *reject* amasonyeza kuti chinthucho mwachiona kuti n'chosayenera. Munthu yemwe waitanidwa kuukwati n'kuyankha kuti *I must reject your invitation* wanyoza eni ukwati mosadziwa. Chizindikiro china cha mphamvu ndi muonjezi yemwe liwulo limalola: timati *very tired* koma *absolutely exhausted*, chifukwa *exhausted* wafika kale pamapeto a kutopa.

Lachitatu ndi la maganizo a wonena, ndipo ine ndimaona kuti limeneli ndi lofunika kuposa awiri enawo, popeza limakhudza mbiri ya munthu. Yang'anani zizindikiro za *approving* ndi *disapproving*. *Thin* ndi kungonena kuti munthu ndi wochepa thupi, *slim* ndi kuyamikira, pomwe *skinny* nthawi zambiri ndi kunyogodola. *Childlike* amayamikira mtima wosalakwa wa mwana, koma *childish* amadzudzula chibwana. *Famous* ndi kutchuka, pomwe *notorious* ndi kutchuka ndi zoipa. *Confident* ndi *arrogant*, *determined* ndi *stubborn*, *thrifty* ndi *stingy* akhoza kufotokoza munthu mmodzi yemweyo, ndipo liwu lomwe mwasankha limaulula ngati mukumuyamikira kapena mukumunena. Polembera munthu kalata yomuchitira umboni pofuna ntchito, gawo ili musalichite mothamanga.

## 8. Onani dera

Fufuzani ngati pali chizindikiro cha Chingerezi cha ku Britain kapena cha ku America. Nthawi zambiri kusiyana kwake ndi kochepa, koma pena ndi koopsa. Kunyumba ya malamulo ya ku Britain, *to table a motion* ndi kubweretsa nkhani kuti ikambidwe, pomwe ku America ndi kuiimika kaye. *Quite good* ku Britain angatanthauze kuti chinthu n'chabwinoko pang'ono chabe, pomwe ku America amayandikira kunena kuti n'chabwino kwambiri. Dziwani komwe kuli owerenga anu.

## 9. Sinthanitsani mawuwo m'ziganizo

Tengani zitsanzo zitatu za liwu loyamba kuchokera m'dikishonale, chotsani liwulo, ndipo muikepo lachiwiri. Zotsatira zake zimakhala zamitundu itatu. Chiganizo chikhoza kuthyoka, monga *She rejected to answer*, ndipo apo kusiyana kuli m'kamangidwe. Chikhoza kukhala cholondola koma tanthauzo n'kusintha, monga *He denied the gift* poyerekeza ndi *He refused the gift*, pomwe choyambacho chingamveke ngati akutsutsa zoti mphatsoyo inaperekedwa. Chikhozanso kukhala cholondola, tanthauzo lomwelo, koma kamvekedwe n'kusintha, monga *She declined the offer* ndi *She refused the offer*. Bwerezani mobwerera, kuika liwu loyamba m'zitsanzo za lachiwiri, chifukwa kawirikawiri liwu lina limalowa m'malo mwa linzake koma linzakelo osatha kubwezera. *Kill* angalowe pafupifupi paliponse pomwe pali *murder*, koma *murder* sangalowe m'chiganizo chonena za munthu wophedwa ndi mphezi.

## 10. Lembani kusiyanako m'mawu anuanu

Tsekani mabuku onse ndipo mulembe chiganizo chimodzi pa liwu lililonse, monga mukufotokozera mnzanu: *deny* ndi kunena kuti si zoona, *refuse* ndi kusalola kuchita kapena kulandira, *reject* ndi kubweza chinthu chomwe mwachiona kuti sichikuyenera, *decline* ndi kukana mwaulemu. Pansi pake lembani zitsanzo ziwiri zochokera pa ntchito yanu kapena maphunziro anu. Ngati kusiyanako kukukukanikani kukunena m'chiganizo chimodzi, ndiye kuti pali gawo lomwe mwalithamangira, ndipo nthawi zambiri limakhala lachinayi kapena lachisanu ndi chimodzi. Mukakhutira, bwererani ku chiganizo chomwe munalemba poyamba paja n'kuikapo liwu loyenera.

## Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kutola liwu mu thesaurus n'kulilemba osalifufuza. Mapulogalamu olembera pakompyuta amapereka mndandanda wa mawu ofanana mukangodina pa liwu, ndipo ophunzira ambiri amasankha lachilendo kwambiri pofuna kukometsa nkhani. Mndandandawo sudziwa chiganizo chanu. Liwu lomwe simunaliwerengepo m'ziganizo zenizeni musalilembe musanadutse nalo gawo lachinayi ndi lachisanu ndi chimodzi.

Kudalira dikishonale ya ziyankhulo ziwiri yokha. Imathandiza kupeza poyambira, koma imaika mawu angapo pansi pa liwu limodzi popanda kuwasiyanitsa. Pansi pa kumva mungapeze *hear*, *feel* ndi *understand*, ndipo kusankha kumatsalira inu.

Kuganiza kuti mawu a tsinde limodzi ali ndi tanthauzo limodzi. *Economic* amanena za chuma, monga *economic growth*, pomwe *economical* ndi chosawononga ndalama kapena mafuta. *Historic* ndi chinthu chofunika chomwe chidzakumbukiridwa, pomwe *historical* ndi chilichonse chokhudza mbiri yakale. *Sensible* ndi woganiza bwino ndipo *sensitive* ndi wokhudzidwa msanga. *Continuous* ndi chosadukiza, pomwe *continual* ndi chobwerezabwereza.

Kukhulupirira kuti *in-* amatsutsa nthawi zonse. *Invaluable* ndi chamtengo wapatali kwambiri, *infamous* ndi wotchuka ndi zoipa, ndipo *inflammable* ndi chimodzimodzi ndi *flammable*, chinthu chosachedwa kuyaka. Chomalizachi chimalembedwa pa zigubu za mafuta ndi mankhwala, ndipo kuchimva molakwika kungabweretse ngozi.

Kuiwala kuwerengeka kwa dzina. *Job* ndi lowerengeka koma *work* pa tanthauzo la ntchito si lowerengeka, choncho timati *I am looking for a job* kapena *I am looking for work*, osati *a work*. Ndi mmenenso zilili ndi *suggestion* ndi *advice*, *fact* ndi *information*, *suitcase* ndi *luggage*.

Kusinthasintha mawu poopa kubwereza. Kusukulu ambiri anaphunzitsidwa kuti kubwereza liwu ndi ulesi, ndipo m'nkhani yopeka malangizowa ali ndi malo ake. M'malipoti, m'migwirizano ndi m'nkhani za milandu, wowerenga akaona liwu latsopano amaganiza kuti mukunena chinthu chatsopano. *Accused of* ndi munthu yemwe akunenedwa kuti walakwa, *charged with* ndi yemwe watsegulidwira mlandu mwalamulo, ndipo *convicted of* ndi yemwe khoti lamupeza wolakwa. *Murder* ndi *manslaughter* ndi milandu iwiri yosiyana yokhala ndi zilango zosiyana. Ngati munthu wangotsegulidwira mlandu ndipo khoti silinagamule, lembani *charged with* m'ndime yoyamba, ndipo mulibwereze m'ndime zonse zotsatira ngakhale litapezeka kasanu patsamba limodzi.